Chidatchi, Chifulemishi ndi Chiafirikanzi: kodi n'chilankhulo chimodzi, nanga eni ake ndi mtundu umodzi?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Mwana wanga wamkazi wapeza mwayi wa maphunziro ku yunivesite ya ku Ghent, m'dziko la Belgium. Makalata ena akubwera m'Chidatchi, chonsecho ine ndinkadziwa kuti Chidatchi n'cha ku Holland. Alongo anga omwe anagwirapo ntchito ku Cape Town akuti mwanayu asavutike, amuphunzitsa Chiafirikanzi poti n'chimodzimodzi. Komanso ife ndife a sinodi ya Nkhoma, ndipo makolo athu ankati mishoni ya Adatchi. Kodi anthu onsewa ndi amodzi? Nanga mwanayu aphunzire chiti?"

Zikomo mayi, ndipo mumuyamikire mwanayo. Ndiyambe ndi zimene zikufunika msanga. Aphunzire Chidatchi chovomerezeka, chimene eni ake amachitcha Nederlands. Chidatchi cha m'kalasi ku Ghent ndi chomwecho cha m'kalasi ku Amsterdam, ndi chomwechonso cha ku Paramaribo, likulu la dziko la Suriname ku South America. Chiafirikanzi cha amalume ake n'chachibale, koma chinapatuka kalekale n'kukhala chilankhulo pachokha. Funso lanu lakuti kodi anthuwa ndi amodzi ndilo lofunika kulikhalira pansi, chifukwa yankho lake n'lakuti ayi, ndipo mwana wanu akakhala bwino kumeneko akadziwa chifukwa chake. Gulu lililonse linachipeza chilankhulochi m'njira yakeyake: ena anabadwa nacho boma likuchilemekeza, ena anachita kuchimenyera nkhondo m'dziko lawo lomwe, ena anachita kukakamizidwa.

Anthu amene anayamwira Chidatchi alipo pafupifupi 25 miliyoni. Ambiri ali ku Netherlands, dziko limene ife timangoti Holland, ngakhale Holland kwenikweni ndi dzina la zigawo ziwiri zokha mwa zigawo 12 za dzikolo. Opitirira 6 miliyoni ali kumpoto kwa Belgium, chigawo chotchedwa Flanders, kumene kuli mizinda ya Ghent, Antwerp, Bruges ndi Leuven. Belgium ili ndi zilankhulo zitatu za boma: Chidatchi, Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo olankhula Chidatchi ndiwo ochuluka, pafupifupi anthu 6 mwa 10 alionse. Likulu lawo, Brussels, pa malamulo ndi la zilankhulo ziwiri, koma mumsewu mwanayo akamva kwambiri Chifalansa. Ndiye pali Suriname, ndi zilumba za ku Caribbean: Aruba, Curaçao, Sint Maarten ndi zina zing'onozing'ono.

Mwina mukudabwa kuti Chidatchi chinakafika bwanji ku Belgium. Sichinachite kufikako, n'kwawo. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, mizinda yolemera ndi yotchuka mwa olankhula chilankhulochi inali ya kummwera komweko, Bruges ndi Ghent, chifukwa cha malonda a nsalu, ndipo kenako Antwerp. Zinthu zinatembenuka pa nkhondo yolimbana ndi ufumu wa Spain. Mu 1585 asilikali a Spain analanda Antwerp, ndipo pafupifupi theka la anthu a mumzindawo linasamuka, ambiri a iwo Apulotesitanti, amalonda, osindikiza mabuku ndi aphunzitsi. Ochuluka analowera kumpoto, ku Amsterdam, Leiden ndi Haarlem. Kumpotoko kunadzuka dziko lodziimira palokha, lolemera, lotsogozedwa ndi Apulotesitanti. Msonkhano waukulu wa mpingo umene unachitikira ku Dordrecht mu 1618 ndi 1619 unalamula kuti Baibulo limasuliridwe mwatsopano, ndipo linatuluka mu 1637. Baibulo limenelo linawerengedwa m'nyumba ndi m'matchalitchi kwa zaka mazanamazana, ndipo linathandiza kwambiri kukhazikitsa Chidatchi cholembedwa. Kummwera kunatsala m'manja mwa Spain, kenako Austria, kenako France, n'kukhalabe kwa Akatolika.

Dziko la Belgium litabadwa mu 1830, olamulira anasankha Chifalansa. Apa ndi pamene pali bala la Afulemishi, anthu a ku Flanders, ndipo aliyense wopita kukakhala pakati pawo ayenera kulidziwa. Munthu wa ku Flanders ankaweruzidwa kukhoti m'chilankhulo chimene sachimva. Usilikali, maphunziro apamwamba ndi ntchito za m'boma zinkayenda m'Chifalansa. Ngakhale olemera a ku Ghent komweko ankalankhula Chifalansa pakati pawo, chilankhulo cha makolo n'kumachisungira antchito a pakhomo. Kulimbana kwake kunatenga mibadwo. Lamulo loika zilankhulo ziwirizi pa mlingo umodzi linadza mu 1898. Yunivesite imene mwana wanu akupitayo ndiyo inali yoyamba ku Belgium kuphunzitsa zonse m'Chidatchi, ndipo zimenezi zinatheka mu 1930, patatha zaka 100 dzikolo lilipo. Malire a zilankhulo anakhazikitsidwa pa mapu mu 1962 ndi 1963. Mu 1968 ophunzira a ku Leuven anachita zionetsero mpaka yunivesite yawo yakalekale inagawika pawiri: olankhula Chifalansa anakamangiridwa mzinda watsopano, Louvain-la-Neuve, ndipo mabuku a mulaibulale anachita kugawana.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti mwanayo asakalowe m'sitolo ku Ghent n'kuyamba ndi Chifalansa poganiza kuti akuchita ulemu. Ambiri akamuyankha bwinobwino, koma ena zikawakhudza. Chingerezi sichikhumudwitsa munthu kumeneko. Moni wa m'Chidatchi, ngakhale wopotoka, amatsegula mitima kuposa zonsezi.

Tsono Chifulemishi n'chiyani? Anthu amatchula dzinali pa zinthu zingapo, n'chifukwa chake limasokoneza. Palibe chilankhulo cha boma chotchedwa Chifulemishi. Malamulo a ku Belgium amati Chidatchi. Omenyera ufulu wa chilankhulo ku Flanders anakanganapo ngati ayambitse kalembedwe kawokawo kapena atsatire ka kumpoto, ndipo maganizo amene anapambana anali akuti akhale pamodzi ndi a kumpoto, chifukwa akadzipatula akanachepa mphamvu pamaso pa Chifalansa. Ine ndimaona kuti anasankha mwanzeru. Mu 1980 maiko awiriwa anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe la Nederlandse Taalunie, loyang'anira chilankhulo chawo limodzi. Bungweli limasunga mndandanda wa kalembedwe kovomerezeka ka mawu, kabuku kamene anthu amakatcha Groene Boekje chifukwa cha chikuto chake chobiriwira, ndipo limathandiza mayunivesite a kunja amene amaphunzitsa Chidatchi. Mphoto yaikulu ya alembi a m'chilankhulochi ndi imodzi, imaperekedwa zaka zitatu zilizonse, ndipo mwambo wake n'ngwakuti mafumu a maiko awiriwa azisinthana poipereka. Dikishonale yawo yaikulu ya mbiri ya mawu inayamba kutuluka mu 1864 n'kudzatha mu 1998, akatswiri a mbali zonse ziwiri atagwirapo ntchito.

Pamenepa mtima wanga umawawa ndikaganiza za kwathu. Chilankhulo chimene tikulemberanachi chimalankhulidwa ku Malawi, kummawa kwa Zambia mpaka ku Lusaka, ku Tete ndi ku Niassa. Kuno tinachitcha Chichewa mu 1968, anzathu akuchitchabe Chinyanja, ndipo dziko lililonse lili ndi kalembedwe kake m'mabuku a sukulu. Adatchi ndi Afulemishi ali ndi maboma awiri ndi mafumu awiri, mbiri yawo ili ndi nkhondo pakati, komabe mwana wa ku Rotterdam ndi wa ku Antwerp amalemba mawu mofanana. Umodzi wa chilankhulo chawo sunangochitika wokha, anachita kuugwirira ntchito ndi kuulipirira ndalama.

Koma pepala ndi pakamwa n'zosiyana. Mwana wanu akamva mitundu itatu ya malankhulidwe ku Flanders. Pali Chidatchi chovomerezeka cha pa nkhani za pa wailesi ndi m'kalasi. Pali malankhulidwe a m'madera, ena ovuta kwabasi, moti munthu wa kumadzulo kwa Flanders akamalankhula pa wailesi yakanema amamulembera mawu pansi kuti anzake a m'dziko lomwelo amve. Ndiye pali china cha pakatikati chimene amachitcha tussentaal, chimene achinyamata ambiri amacheza nacho. Mmenemu akamva "gij" kapena "ge" pamene buku lake likuti "jij", kutanthauza iwe. Asadzione ngati wolephera ayi, aliyense wophunzira amadodoma nazo miyezi yoyamba. Katchulidwe nakonso kamasiyana. Chilembo cha g ku Amsterdam chimatuluka kukhosi mokanda, pamene ku Flanders ndi kummwera kwa Netherlands n'chofewa, ndipo kwa lilime la Mchewa chofewacho n'chosavuta. Mawu ena amasemphana tanthauzo: "schoon" kumpoto ndi chinthu choyera, chotsukidwa, koma Mfulemishi akanena choncho nthawi zambiri akutanthauza chokongola. Tchipisi kumpoto amati "patat", kummwera "frieten", ndipo a ku Belgium salola kuti wina awapose pa kakazingidwe kake.

Za Suriname ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri kwathu kuno sadziwa kuti kuli dziko la anthu akuda ndi amwenye kumene Chidatchi ndicho chilankhulo cha boma. Pa pangano la ku Breda mu 1667, Adatchi anasunga Suriname ndipo Angerezi anasunga New Amsterdam, mzinda umene lero ndi New York. Ku Suriname kunali minda ya nzimbe yolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo nkhanza zake zinali zoopsa. Akapolowo sankaphunzitsidwa Chidatchi. Pakati pawo panabadwa chilankhulo china, Sranan Tongo, chimene mpaka lero chimamveka mumsika ndi mumsewu, ndipo amene anathawira m'nkhalango anapanga zilankhulo zawo monga Saramaccan ndi Ndyuka. Ukapolo unathetsedwa pa 1 July 1863, koma omasulidwawo anakakamizidwa kugwirabe ntchito m'minda zaka zina 10. Kenako atsamunda anabweretsa antchito a kontalakiti ochokera ku India kuyambira 1873, ndi ku Java kuyambira 1890. Mu 1876 sukulu inakhala yokakamiza, ndipo chilankhulo chake chinali Chidatchi. Ana ankalangidwa akalankhula cha kwawo.

Chodabwitsa n'chakuti dzikoli litalandira ufulu pa 25 November 1975, silinachitaye Chidatchi. M'dziko la anthu pafupifupi 600,000 a mitundu yambiri chonchi, chilankhulo cha mtundu umodzi chikanakwezedwa, ena akanadandaula. Chidatchi sichinali cha aliyense wa iwo, choncho chinakhala cha onse, ndipo lero mabanja ambiri ku Paramaribo amalera nacho ana. Anachipatsa kamvekedwe kawo ndi mawu awo. Suriname inalowa m'bungwe la Taalunie mu 2004, ndipo chaka chotsatira mawu mazana angapo a kumeneko analowa m'kabuku kobiriwira kaja. Mu 2021 mphoto yaikulu ija inapita kwa Astrid Roemer, mlembi woyamba wa ku Suriname kuilandira. Mtsinje sunayende mbali imodzi yokha. Anthu opitirira 300,000 a magazi a ku Suriname amakhala ku Netherlands, ndipo achinyamata a ku Amsterdam, azungu omwe, amati "doekoe" ponena ndalama ndi "mattie" ponena mnzawo, mawu ochokera m'Chisranan. Okonda mpira amawadziwa Clarence Seedorf ndi Edgar Davids, obadwira ku Paramaribo, komanso Ruud Gullit, Frank Rijkaard ndi Virgil van Dijk, amene ali ndi kholo lochokera kumeneko. Tsiku la 1 July, lotchedwa Keti Koti, kutanthauza kuti maunyolo aduka, limakumbukiridwa mbali zonse ziwiri za nyanja, ndipo pa tsikuli mu 2023 Mfumu Willem-Alexander inapepesa poyera chifukwa cha ukapolo.

Pa zilumba za ku Caribbean Chidatchi n'cha m'maofesi ndi m'masukulu, koma kunyumba anthu a ku Aruba, Curaçao ndi Bonaire amalankhula Papiamentu, a ku Sint Maarten Chingerezi. Ku Indonesia, kumene Adatchi anakhala zaka zoposa 300, chilankhulochi sichinamere mizu chifukwa atsamunda ankalamulira kudzera m'Chimalaya ndipo anaphunzitsa Chidatchi anthu ochepa okha. Chinangosiya mawu ambirimbiri, monga "kantor", ofesi, ndi "handuk", thaulo. Ku Congo, imene inali m'manja mwa Belgium, kunatsala Chifalansa.

Tibwere kwa amalume. Mu 1652 kampani ya zamalonda ya Adatchi, yodziwika ndi zilembo za VOC, inatuma Jan van Riebeeck kukakhazikitsa malo opumirapo zombo ku Cape. Chidatchi cha amalinyero ndi alimi chinakumana kumeneko ndi zilankhulo za Akhoikhoi, eni nthaka, ndi za akapolo ochokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi Mozambique. M'makhitchini, m'minda ndi m'madoko munabadwa malankhulidwe atsopano amene azungu ophunzira ankawanyoza, iwo akupempherabe ndi kulemba m'Chidatchi. Ena mwa oyamba kulemba Chiafirikanzi anali Asilamu a ku Cape Town, ndipo ankachilemba ndi zilembo za Chiarabu m'masukulu awo a chipembedzo. Chinavomerezedwa ndi boma mu 1925, ndipo Baibulo lathunthu linatuluka mu 1933. Ulamuliro wa tsankho unachisandutsa chida chake, ndipo ana a sukulu a ku Soweto anaphedwa pa 16 June 1976 akukana kuphunzitsidwa m'chilankhulochi. Koma ndikupemphani kuti musachione ngati cha azungu okha. Mwa anthu pafupifupi 7 miliyoni amene anayamwira Chiafirikanzi, oposa theka si azungu, ndipo makolo awo ndiwo anathandiza kuchiumba. Chimalankhulidwanso kwambiri ku Namibia.

Mawu ambiri zedi a Chiafirikanzi ndi ochokera ku Chidatchi, moti Mdatchi akatenga nyuzipepala ya ku Cape Town amamva zambiri. Galamala ndiyo inasintha. Chidatchi chimati "ik ben, jij bent, hij is", mneni akusintha malinga ndi munthu. Chiafirikanzi chimangoti "ek is, jy is, hy is". Chidatchi chili ndi "de" ndi "het" patsogolo pa maina, ndipo wophunzira amayenera kuloweza kuti dzina lililonse limatenga chiti. Chiafirikanzi chili ndi "die" basi. Pokana, Chiafirikanzi chimanena "nie" kawiri m'chiganizo chimodzi, zimene Chidatchi chovomerezeka sichichita. Kotero wolankhula Chidatchi savutika kwambiri kumva Chiafirikanzi, koma wochokera ku Chiafirikanzi amafunika kuphunzira zonse zimene chilankhulo chake chinataya. Amalume amuphunzitse mawu, manambala ndi moni, zimenezo zimuthandiza ndithu ndipo asawakane. Koma galamala ndi kalembedwe atenge m'buku la Chidatchi, apo ayi mayeso akamuvuta.

Amishonale amene makolo anu ankawatcha Adatchi sanachokere ku Netherlands. Anali a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, ku South Africa. Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anatsegula Mvera mu 1889 m'dera la Mfumu Chiwere, ndipo Nkhoma inatsegulidwa mu 1896. Banja la a Murray linachokera ku Scotland lisanakhazikike ku Cape. William Murray ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, akugwira ntchito ndi Amalawi odziwa chilankhulo, ndipo mpingo wa Nkhoma unalowa mu CCAP mu 1926. Anzawo a ku Orange Free State anatsegula Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899, kumene kunachokera Reformed Church in Zambia. Ulusi wolumikiza mpingo wanu ndi Netherlands ulipo ndithu, koma ndi wa chiphunzitso: msonkhano wa ku Dordrecht uja, umene unalamula za Baibulo la 1637, ndi womwewo umene unakhazikitsa zivomerezo za chikhulupiriro zimene mipingo ya mtundu umenewu imatsatira. Adatchi enieni a ku Netherlands anabwera kuno ambiri kudzera ku mpingo wa Katolika, ndipo mmodzi wa iwo, bambo Matthew Schoffeleers, anafufuza kwambiri za Mbona ku Nsanje. Njira ina inali ya ku migodi: amuna a Wenela ndi Theba anabwerako ndi mawu monga buluku, kuchokera ku "broek".

Mwana wanu asakayembekezere kupeza chikhalidwe cha ku Nkhoma ku Ghent. Flanders mbiri yake ndi ya Chikatolika, ndipo masiku ano opita kutchalitchi Lamulungu ndi ochepa kwambiri, monganso ku Netherlands. Ngati akufuna mpingo, akayambe kufunsa ophunzira anzake a ku Africa. Pa khalidwe, anthu a mbali ziwirizi amanenana okha kuti Mdatchi amalankhula mosapsatira, ngakhale kwa bwana wake, pamene Mfulemishi amayamba wazungulira, sakonda kudzionetsa, ndipo amachedwa kukuitanira kunyumba. Si onse ali choncho, koma mwa zimene ndaona muli choonadi, ndipo Mmalawi amazolowera msanga ulemu wa ku Flanders. Akagwiritse ntchito "u", mawu aulemu ofanana ndi "inu" wathu, kwa aphunzitsi ndi akuluakulu mpaka iwo eni atamuuza kuti asiye. Masiku a chikondwerero nawo ndi osiyana. Ku Netherlands amavala zaolenji pa 27 April, tsiku la mfumu. Ku Flanders tsiku lawo ndi 11 July, pokumbukira nkhondo ya ku Kortrijk ya mu 1302 pamene anagonjetsa asilikali a mfumu ya France, ndipo la Belgium yonse ndi 21 July.

Pali mwambo umodzi umene amagawana, umene ndikufuna mumuchenjezeretu. Kuchiyambi kwa December ana amalandira mphatso kuchokera kwa Sinterklaas, nkhalamba ya ndevu zoyera yonga Father Christmas, madzulo a pa 5 ku Netherlands ndi mmawa wa pa 6 ku Belgium. Kwa zaka zambiri womuthandiza wake, Zwarte Piet, ankaseweredwa ndi azungu odzipaka nkhope zakuda, milomo yofiira ndi tsitsi lopotana. Anthu akuda a ku Netherlands, ambiri a iwo ochokera ku Suriname ndi ku zilumba zija, analimbana nazo kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano mizinda yambiri ndi mawailesi akanema anasintha, amangopaka timizere ta mwaye. Komabe m'malo ena akhoza kukumana nazo, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti kukhumudwa nazo si kulakwa, komanso kuti eni dziko ambiri ali mbali yake.

Pa za maphunziro, ayang'ane kalata yomuvomera. Madigiri ambiri achiwiri ku Flanders amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo ngati yake ndi yotero, Chidatchi akachifuna pa basi, kuchipatala, pofuna nyumba ndi ganyu. Digiri yoyamba nthawi zambiri imakhala m'Chidatchi, ndipo amafuna umboni wakuti wafika pa mlingo wotchedwa B2. Mayeso odziwika ndi a ITNA, amene amalembedwa ku Flanders komweko, ndi a CNaVT, amene amayendetsedwa m'dzina la Taalunie ndipo amalembedwa m'maiko osiyanasiyana. Yunivesite ya Ghent ili ndi malo ake ophunzitsira zilankhulo, ndipo alembetse msanga akangofika. Poti amadziwa kale Chingerezi, mawu ambiri akawazindikira, chifukwa zilankhulo ziwirizi n'zapachibale. Chimene chidzamutengere nthawi ndi kaikidwe ka mneni kumapeto kwa chiganizo ndi "de" ndi "het" uja. Pakalipano ayambe kumvetsera nkhani za wailesi ya VRT pa intaneti tsiku lililonse, chifukwa ndiyo ya ku Flanders ndipo katchulidwe kake ndi kamene akakumane nako m'kalasi. Vuto lalikulu limene akapeze n'lakuti anthu akangomva kuti akudodoma, amasinthira ku Chingerezi pofuna kumuthandiza. Akawapemphe mwaulemu kuti apitirize m'Chidatchi, ndipo akachite zimenezi kuyambira sabata yoyamba, asanazolowerane nawo m'Chingerezi.